Chotupa chokhala ndi chitupa

Pali mawu amene amayi analankhula m'kachipinda kena kozizira ku Avenues, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, mu October 2022, ndipo mpaka lero akukana kundichoka m'mutu. Nthawi zina ndimakhala ndili m'kombi, tapanikizana anayi anayi kuchokera ku Highfield kulowa m'tauni, kondakitala akukuwa zake, ine nkungopezeka ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu. Nthawi zina sindiseka ayi. Ndiye ndati bola ndilembe, mwina andisiya.

Amene mumandidziwa mukudziwa kale kuti amayi anadwala khansa ya m'mawere, a Chigwirizano munabwera kudzawazonda ndipo ambiri munasonkha, Mulungu akudalitseni. Za opaleshoni ndi za tsitsi lothothoka sindibwereza, aliyense amene anadwazikapo akuzidziwa. Ndikufuna kunena za tsiku limodzi basi ndi zomwe linandiyambitsira.

## Envelopu ya khaki

Chotupacho anachimva okha akusamba cha mu August, koma anakhala nacho chete milungu ingapo, mukuwadziwa anthu akale, amati chiphwa chokha. Atandiuza tinapita kuchipatala, anawatapa kanyama ndi chisingano nkutumiza ku labu, ndipo patapita masiku nesi anatiuza m'Chishona kuti ndi gomarara. Amayi anangogwedeza mutu. Titatuluka panja ndi pamene anandifunsa kuti, "Kodi gomarara si chomera chija chimamera pamtengo wa eni ake?" Ndinati eya ndi chomwecho, dzina ndi limodzi. Iwo anati kwa atate awo ku Dedza akanati kaufiti, kamaluwa ofiira kaja kamayamwa mizu ya chimanga mpaka munda kufota. Mayina onse awiriwa akunena chinthu chobwera, chodyera pa mnzake, ndipo nanenso ndimaganiza choncho, kuti khansa imalowa m'thupi kuchokera kwinakwake.

Dokotala anati asanayambe mankhwala akufuna kuyezanso kanyama komweko kuti adziwe mtundu wa chotupacho. Zimenezo tinakalipira ku labu ya pulayiveti. Mwamwayi kumeneko kumagwira ntchito mtsikana wa ku mpingo kwathu, mdzukulu wa a dikoni ena, amene ineyo ndinamuphunzitsa Sande Sukulu akadali ndi mamina. Tsiku lokatenga envelopu amayi anakakamira kuti tipitira limodzi, anamanga duku, kunyamula kachikwama kawo kakuda ka kutchalitchi kaja.

Papepala panali mizere itatu: ER negative, PR negative, HER2 3+ (ER ndi PR ndi zolandirira mahomoni m'maselo a chotupa). Ine nditaona negative kawiri mtima unakhala pansi, paja ife tinakulira m'nthawi ya Edzi, negative ndi nkhani yovinira. Mtsikana uja anandiyang'ana osamwetulira, kenako anati, "Anti dikirani kaye, ndifunse adokotala ngati angakuonetseni."

## Waya wa khola la nkhuku

Adokotala ake anali mayi wachikulire wa magalasi otsikira pamphuno. Ntchito yawo ndi kuyang'ana tinyama ta anthu tsiku lonse, eni tinyamato sakumana nawo kawirikawiri, mwina nchifukwa chake anatilandira bwino chonchija. Anatenga kagalasi kotalika ngati chala, pakati pake pali kabanga kopyapyala kuposa khoko la anyezi, nkukaika pa maikulosikopu yolumikizidwa ku sikilini ya kompyuta. Anapotokola kachitsulo kam'mbali, chithunzi chinayamba ngati chifunga kenako mbee.

Timadontho tabuluu tambirimbiri, kalikonse kazunguliridwa ndi mzere wochindikala wa bulawuni, mizereyo yagwirana gwirana sikilini yonse. Amayi anasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Waya wa khola la nkhuku," anatero.

Mtsikana uja atamasulira adokotala anaseka, akuti ngakhale iwo eni ntchito amafanizira ndi waya womwewo.

"Ndiye ameneyu ndi ine?"

"Ndi inuyo agogo. Kadontho kalikonse ndi selo limodzi."

Anafotokoza kuti bulawuniyo si mtundu wa nyamayo. Iwo a labu amathira pa kagalasi timadzi tokhala ndi ma antibody, timapuloteni ta chitetezo cha m'thupi, amene amamata pa chinthu chimodzi chokha, puloteni yotchedwa HER2, kenako amathira mankhwala ena amene amasanduka bulawuni paliponse pamene ma antibody aja amata. Pakapanda kuoneka kanthu amalemba 0, pakaoneka pang'ono 1+, pakakayikitsa 2+ ndipo amakayezanso mwa njira ina, koma waya ukatsekeka mbali zonse chonchi ndi 3+, palibenso zofunsa. HER2 yo akuti ili ngati eriyo ya wailesi imene ili pakhungu la selo, imalandira uthenga woti kula, gawikana. Selo labwinobwino limakhala ndi ma eriyo cha m'ma 20,000, koma la chotupa ngati ichi limatha kufika 2 miliyoni. Ndiye limangomva kula, kula, kula, usana ndi usiku.

Amayi anakhala chete kanthawi. Mlongo wawo womaliza, amalume, anamwa ma ARV zaka zambiri ndipo owaperekeza kukayezetsa CD4 anali iwowa, ndiye nkhani ya asilikali a m'thupi amaidziwa bwino.

"Nanga asilikali anga ali kuti? Ine kachilombo ndilibe, anandiyeza. Chinthu chadzaza chonchi iwo osachiona, akugona?"

Adokotala anavula magalasi. Anati asilikali alipo ndipo ali maso, koma ntchito imene anaphunzitsidwa ndi yosaka alendo, tizilombo ta chifuwa, ta chikuku, ta malungo. Selo la khansa si mlendo. Ndi selo lanu lomwe la m'bere limene lasokonekera malangizo ake. Likafika pa rodibuloko limatulutsa chitupa, chitupacho ndi chenicheni, chili ndi dzina lanu. Ngakhale HER2 yo si yachilendo, ili pa maselo a mtima wanu, a khungu, a m'matumbo, kungoti apa yachuluka mopyola.

Apa ndi pamene amayi anatsegula kachikwama, kufufuza pansi pa mpango ndi buku la nyimbo, nkutulutsa chitupa chawo chachitsulo chakalekale chija. Anachiponya patebulo, ngwee.

"Taona mwanawe. Ine ndinabadwira ku Mazowe, mchombo wanga uli papulazi pompano, koma apa analemba kuti ALIEN, mlendo. Chotupa chabwera dzana dzanali chili ndi chitupa chabwino kuposa changa."

Sipanafunikenso womasulira, chitupa ndi chitupa ngakhale m'Chishona. Adokotala anaseka mpaka kupukuta maso, mtsikana uja anagwira pakamwa, ine ndinaseka nawo koma pakhosi panali pataima chinachake. Amayi okha ndi amene sanaseke, anangotola chitsulo chawo nkubwezera m'chikwama.

## Amene ndinkawaganizira

Ndiulule. Tsiku limenelo lisanafike ine ndinali ndi munthu wanga mumtima. Azakhali a ku Mufakose anali atayamba kale kunena kuti zimenezi si zabwinobwino, pali amene waponda, ndipo ngakhale ndimawayankha za sukulu kuti aaa azakhali zimenezo nzachikale, usiku ndimagona nkumawerenga anthu amene anakanganapo ndi amayi pa nkhani ya malire a kamunda kawo. Ndikachoka apo ndimaloza mafuta ophikira, nkhuku za buloyila, mapoto, chilichonse, bola chikhale chochokera kunja.

Nditaona waya uja zonsezo zinangophwa. Sindikunena kuti khansa ilibe zoyambitsa zochokera kunja, fodya alipo, ndipo ya khomo la chiberekero imene yatha azimayi kuno ndi ku Malawi komwe imayamba ndi kachilombo ka HPV, nchifukwa chake katemera wake amene anayamba kuperekedwa dziko lonse kuno mu 2018 amagwira ntchito, thupi limapanga ma antibody okwapula kachilomboko kasanakhazikike, paja iko ndi kamlendo kenikeni. Koma chotupa chikangoyamba, chimene chikukulacho ndi nyama yako. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine mwambi umenewu ndinaumvetsa bwino ndili ndi zaka 41, ndikuyang'ana sikilini.

Za chitupa chija nonse mukuzidziwa, sindichita kufotokoza. Agogo anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, ana awo nkubadwira konkuno, lamulo la 2001 nkuwasandutsa anthu opanda kwawo, mpaka Constitution ya 2013 inati wobadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC ndi mzika. Amayi anali asanapite kukasintha. Amati ndakalamba, ndikasinthe kuti ndipite nacho kuti.

## Mbewa ndi imene inaona

Ine ndine mphunzitsi wa Giredi 5, sayansi yanga imathera pa mbali za duwa. Koma kuyambira usiku umenewo bandulo yanga yonse imathera powerenga, amayi akugona ine pafoni, mawu ena kuwabwereza kanayi, osamveka kumutumizira mtsikana uja pa WhatsApp, iye nkumandiyankha ndi ma voice note pa nthawi ya lanchi.

Chimene chinandigwira choyamba ndi chakuti ma antibody amapangidwa ndi maselo otchedwa B, ndipo maselo amenewa amayamba alowa sukulu m'mafuta a m'mafupa. Lililonse limene lapezeka kuti antibody yake ikugwira nyama ya mwini thupi limachotsedwa kapena kukonzedwanso lisanatuluke. Nzanzeru ndithu, kupanda apo bwenzi tikudzidya tokha. Koma ndiye kuti pa nkhani ya HER2, asilikali amene akanaigwira mwamphamvu anachotsedwa kalekale amayi ali khanda. Funso lawo lija, loti asilikali anga ali kuti, yankho lake ndi limeneli.

Ndiye anthu a kafukufuku anati, ngati thupi la munthu silingaone HER2 ngati mlendo, tipeze thupi lina limene lingaone. Mbewa. Ukaibaya HER2 ya munthu, kwa iyo ndi chinthu chachilendo, imapanga ma antibody nthawi yomweyo. Vuto linali loti selo B ukalitulutsa m'thupi silikhalitsa, limafa. Mu 1975 ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anachita chinthu chimene ine mpaka pano ndimachiona ngati nthano: anatenga selo B la m'kapamba ka mbewa nkuliphatikiza ndi selo la khansa lotchedwa myeloma. Lotulukapo linatengera mbali zonse, luso lopanga antibody ya mtundu umodzi kuchokera kwa selo B, ndi kusafa kuchokera kwa khansa. Eti khansa yomweyo nkuilemba ganyu yopanga chida chophera khansa inzake. Analandira Nobel mu 1984.

Mu 1987 Dennis Slamon wa ku yunivesite ya UCLA ku America ndi anzake anaonetsa kuti azimayi amene zotupa zawo zachulukitsa HER2 matenda amawabwerera msanga ndipo sakhalitsa. Pa azimayi asanu kapena asanu ndi mmodzi odwala khansa ya m'mawere, mmodzi amakhala wa mtundu umenewu. Nthawi imeneyo 3+ inali nkhani yolira. Kenako kampani ya Genentech inatenga antibody ya mbewa yotchedwa 4D5 nkuisintha, chifukwa ukalowetsa ya mbewa momwe ilili thupi la munthu limaiona kuti ndi ALIEN nkuithamangitsa. Anasiya tinsonga tokha togwirira HER2, kwina konseko anaikako za munthu. Kunena kwina anaipangira chitupa. Imeneyo ndiye trastuzumab, ambiri amaidziwa kuti Herceptin, inavomerezedwa ku America mu 1998, chaka chimodzi pambuyo pa rituximab imene imagwira chizindikiro cha CD20 pa khansa ya lymphoma.

Nditawauza amayi kuti mankhwala awo anayambira pa mbewa anati, "Nzosadabwitsa, ndiwo imeneyo sinatigwiritsepo mwala." Kkkk.

## Mphanda ya legeni

Antibody ukaiona pachithunzi ili ngati mphanda ya legeni, nthambi ziwiri ndi chogwirira chimodzi. Nthambi ziwirizo ndi zimene zimamata pa HER2. Zikamata, eriyo ija imasokonezeka, uthenga woti kula umachepa. Koma chimene chinandisangalatsa ine ndi chogwiriracho, chimene chimatsala chili tu panja. M'magazi muli asilikali ena otchedwa NK amene ali ndi kadzanja kogwirira ndendende pamenepo. Iwo safunsanso chitupa. Akangopeza selo lazunguliridwa ndi zogwirira zili tu tu tu, amadziwa kuti uyu walozedwa kale, amagwira nkulithira timapuloteni toboola, selo nkufa. Palinso ena akuluakulu otchedwa macrophage amene amangomeza lonse lathunthu.

Ndiye kuti mankhwalawa si poizoni ngati kemo. Ntchito yake yaikulu ndi kuloza chala. Ndipo chinthu chomwe chija chimachititsa chotupa cha amayi kukhala cholusa, ma eriyo 2 miliyoni aja, ndi chomwenso chinapereka pogwira. Selo labwino lili ndi ochepa ndiye mphanda zimamatapo zochepa, la khansa limachita kuvala mphanda thupi lonse.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa zimandinyansa. Uthenga utangomveka kuti amayi akudwala, inbox yanga inadzaza ndi ogulitsa ma immune booster, wina ufa wobiriwira, wina timabotolo ta madola ambirimbiri, onse akuti zimawonjezera asilikali. Abale, vuto la amayi silinali kuchepa kwa asilikali. Ukhoza kuika apolisi 100 pa rodibuloko, ngati wakubayo ali ndi mapepala onse adutsa akuwabayibitsa. Ena mwa ogulitsawo ndi anthu oti timapemphera nawo, nchifukwa chake ndimangoyankha kuti zikomo.

## Nacho chotupa sichigona

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo. Koma mbali yaikulu ya kafukufuku amene akuchitika panopa ndi yofuna kumvetsa chifukwa chimene ma antibody amagwira kwa ena, kwa ena ayi, kapena kugwira chaka chimodzi kenako nkusiya. Ndipo ukamawerenga mmene maselo a khansa amazembera umachita kukhala ngati ukumva nkhani za matsotsi a pa Mbare Musika.

Ena amadula mutu wa eriyo ija. Mbali yakunja, pamene mphanda imagwira, imathothoka nkumayandama m'magazi, koma chitsa chotsalira mkati chimapitiriza kukuwa kuti kula, chimenechi amachitcha p95HER2. Mankhwala amafika nkupeza pogwira palibe. Ena amadziphimba ndi chinthu chonanda chotchedwa MUC4 moti eriyo ilipo koma siikufikirika. Ena amakweza chikwangwani chotchedwa CD47, chimene maselo athu abwinobwino, ngakhale ofiira a m'magazi, amagwiritsa ntchito pouza macrophage kuti usandidye ndine wako. Khansa imangochulukitsa chikwangwani chomwecho. Chitupa chinanso chimenecho, chenicheni, chosaba.

Palinso PD-L1, imene selo la khansa limaonetsa kwa asilikali otchedwa T, msilikali akangoigwira mphamvu zimamuthera ngati wapatsidwa ya fanta. Anthu anapanga ma antibody ena amene sagwira chotupa kuti chife koma amatseka kupatsana moni kumeneku, monga pembrolizumab ndi nivolumab za mu 2014, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo analandira Nobel mu 2018 chifukwa chotulukira mabuleki a chitetezo cha m'thupi amenewa.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ine ndi chosavuta kumva kuposa zonsezi. M'chotupa chimodzi maselo safanana onse. Mwina pakona ina pali kagulu kamene waya wake ndi wotuwa, HER2 yochepa. Mankhwala amasesa onse a bulawuni, kagulu kaja nkutsala ndi malo onse. Ngati mmene umapalira munda, udzu woonekera wonse nkutha, kaufiti ali pansi pa nthaka phee. Nchifukwa chake trastuzumab amaiphatikiza ndi kemo, ndipo nchifukwa chakenso anayamba kumangirira poizoni pa mphanda yeniyeniyo kuti ikamata, selo likaimeza, limeze ndi poizoni yemwe. T-DM1 ya mu 2013 ndi yotero, trastuzumab deruxtecan ya mu 2019 nayonso, ndipo iyi poizoni wake amatha kudutsira kwa maselo oyandikana nawo. Mitengo yake musandifunse, ine ndinangoona nkutseka foni.

## Kabokosi ka ayisi pamiyendo

Mankhwalawa amapita ndi sikelo. Ulendo woyamba ndi mamiligalamu 8 pa kilo iliyonse ya thupi, kenako 6 pa kilo milungu itatu iliyonse, kwa chaka. Amayi amalemera makilo 62, ndiye 6 kuchulukitsa ndi 62 ndi 372, pamene kabotolo kamene timagula kanali ka 440. Samu imeneyi ndinaiwerengera kambirimbiri kuseri kwa mabuku a ana. Amayi atamva anati ndiye ndisiye nsima kuti mtengo utsike, nesi anawakalipira moseka kuti gogo mukayerekeza.

WHO inaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, ndipo mu December 2019 inavomereza koyamba ya kampani ina yofanana nayo, zimene amati biosimilar. Ifenso timagula ya mtundu umenewo, yotsikirapo, koma kutsika kwake ndi kwa anthu a ndalama. Tinagulitsa mashini osokera a amayi. Achimwene a ku Johannesburg amatumiza mwezi ndi mwezi, a sosayiti ya maliro anatibwereka, tcheyamani wake akuti bola tikuthandizeni muli moyo kusiyana nkudzagula bokosi.

Popeza ndi puloteni, imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, osaumitsa, osatenthetsa. Ndi mmene magetsi amathimira muja sindinayerekeze kukagoneka kabotolo kunyumba. Ndimadzuka m'mamawa tsiku la diripi, kukatenga ku famase m'tauni, kukaika m'kabokosi ka ayisi kabuluu kamene kale timanyamulira ma freezit ogulitsa pasukulu, nkukwera kombi nditakakumbatira pamiyendo. Tsiku lina kondakitala anati sisi katunduyo aende kumbuyo, ndinamuyang'ana diso limodzi lokha, sanabwerezenso. Mnyamata amene ndinakhala naye pafupi anafunsa ngati muli ma freezit a 50 cents. Ndinati mulibe, atha.

Diripi yoyamba inatenga ola ndi theka, zotsatira zake mphindi 30 zokha. Timadzi toyera ngati a pampopi. Amayi amayang'ana nkumati, ndalama zonse zija ndi timeneti? Ndipo miyezi itatu iliyonse amawajambula mtima, chifukwa paja HER2 ilinso pa maselo a mtima, mphanda siidziwa kuti uyu ndi khoswe uwu ndi mkhate, imangomata pamene yapeza. Kwa ena mtima umafooka mpaka kuimitsa mankhwala. Wa amayi unapirira.

Titafika diripi ya nambala 9, miyezi isanu ndi umodzi, thumba linauma. Ndinalowa kwa dokotala wawo ndekha, manyazi ndi mantha pamodzi. Iwo sanandinamize, anati muyezo ndi chaka chathunthu ndipo akanakonda titamaliza. Koma anandiuzanso za kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PERSEPHONE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, wa azimayi oposa 4,000, theka analandira miyezi 6 theka miyezi 12, ndipo patapita zaka zinayi amene anali bwinobwino opanda matenda kubwerera anali pafupifupi 89 pa 100 mbali zonse ziwiri. Anati akafukufuku ena sanapeze zomveka bwino chonchi, ndiye madokotala sagwirizana onse. Tinakambirana ndi achimwene pafoni usiku wonse. Tinakwanitsa zina ziwiri, nkuima pa 11. Musatengere ife chonde, zimenezi ndi za munthu ndi dokotala wake. Ine mpaka pano ndikamva amayi akutsokomola ndimayamba kuwerenga madiripi amene sitinagule.

## Pulasitiki ya shuga

Chaka chathachi amayi anandidzidzimutsa, akuti ndiperekeze ndikasinthe chitupa. Ndinafunsa kuti mwaganiza bwanji patapita zaka zonsezi, anangoti ndafuna. Tinapita ndi setifiketi yawo yobadwira yong'ambika m'mapindiro, tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, dzuwa likupendeka anawajambula. Tsitsi linali litamera kale koma lasintha, lofewa ngati la khanda ndi loyera lonse, ndipo pachithunzipo akuoneka ngati akufuna kukalipira wojambulayo. Chatsopanocho ndi chapulasitiki. Pamene panali ALIEN pali CIT, kutanthauza mzika.

Chachitsulo chija ndimaganiza kuti achitaya kapena achisiya komweko. Sabata yatha tikupita kokaonedwa, majakaranda atayamba kale kuthothoka m'misewu ya ku Avenues, nesi anapempha mapepala. Amayi anatulutsa pulasitiki ya shuga yopindidwa kanayi, mkati muli chitupa chatsopano, fotokope ya chakale chija imene anandituma ndiwapangire tisanakasinthe, ndi pepala la labu la HER2 3+ lomwe layamba kuda m'mbali. Nesi anatenga chatsopanocho nkubweza zinazo, akuti izi sizikufunika gogo.

Amayi anazipindanso bwinobwino nkubwezera m'chikwama pansi pa buku la nyimbo. Kenako anandikodola ndi chigongono kuti ndifunse ngati adokotala a magalasi aja akadalipo ku labu kuja, akuti ali ndi nkhuku yawo.